A Mbewe ndi nyenyezi yaulesi

Mwezi uno chakwana chaka chitumizireni thupi la a Mbewe kumudzi. Yandikumbutsa ndi mvula. Tsiku lomwe tinkakweza bokosi lawo mu ngolo ya galimoto yopita ku Ntcheu kunali mvula yomweyi ya ku Cape Town, yosadziwa kugwa n'kuleka, yongonyowetsa munthu pang'onopang'ono mpaka kuzizira kulowe m'mafupa. Amuna ankakangana za kamangidwe ka zingwe, amayi tikuyimba nyimbo yomwe ndime yake yomaliza palibe ankaidziwa. Ine ndinaima pambali n'kumapsera mtima mitambo, chifukwa munthu amene tinkamuperekezayo anali atalimbana nayo moyo wake wonse ndipo tsikulo inali itaphimba kumwamba konse.

Ndinakhala nawo yadi imodzi ku Maitland, kuseri kwa nyumba ya lendilodi wina amene anamanga tizipinda kumbuyo n'kumatichititsa lendi ife Amalawi. Chipinda changa ndi chawo zinalekanitsidwa ndi bolodi chabe, moti akatsokomola ndinkadzuka ndine. Pamaso pawo tinkawatcha aPhunzitsi, poti kumudzi ankaphunzitsa ku pulayimale asanabwere kuno kutsatira mwana wawo. Mwanayo anapita ku Joni n'kukazimirira komweko, iwo n'kutsala akusoka mipando yong'ambika pa kafakitale kena kapafupi. Akatembenuka tinkawatcha a Zakumwamba.

Anali munthu wamfupi, wouma, wovala tayi popita kokasoka mipando. Ankakonda kukonza zolankhula za anthu ngakhale osawapempha. Ukawauza kuti takisi inadzaza kwambiri, ankafuna kudziwa kuti kwambiri poyerekeza ndi iti. Ukawauza kuti kwazizira kuposa dzulo, ankafunsa ngati dzulolo unatuluka nthawi yomweyo utavala juzi yomweyo. Zinkatopetsa, ndisaname. Ine ndinkangowayankha kuti apite akaphunzitse ana a ku Ntcheu, kuno tinabwera kudzagwira ntchito. Sankakwiya. Ankati munthu wonena kuti sakudziwa amawasangalatsa kuposa munthu wovomera zilizonse, chifukwa woyambayo ungathe kumuphunzitsa.

Madzulo alionse opanda mitambo, tikangoweruka mdima n'kugwa, ankatenga mpando wapulasitiki ndi magalasi awo oonera patali, bainokyula yakale yosupuka utoto, n'kukakhala pakampata ka pakati pa chimbudzi ndi mpanda. Pamenepo pokha ndi pomwe kumwamba kunkaoneka bwino pa yadi yathu. Anadzikhomera kachoimika kamatabwa kogwirira bainokyulayo kuti isamagwedezeke. Asanayang'ane ankayamba akhala chete mumdima kuti maso azolowere, ndipo ukawayandikira ndi foni yoyaka unkamva mawu omwe sunkaganiza kuti mkulu wampingo angawadziwe.

Magetsi akazima, monga amachitira kuno, yadi yonse inkatukwana. Wina nyama yake mufiriji, wina ayironi, wina mpira pa TV. A Mbewe okha ankatuluka akumwetulira ngati alandira mlendo wochokera kumudzi.

Lendilodi ataika getsi lalikulu loopseza akuba pakhoma, a Mbewe anakwera pa ndowa n'kuliveka katoni. Zinavuta tsiku limenelo. Lendilodi anabwera akukalipa m'Chiafirikansi chosakaniza ndi Chingerezi, akuloza geti, akuti madala ameneyu akakhudzanso getsilo anyamule katundu wake. A Mbewe anaima manja kumbuyo ngati mwana wasukulu, anapepesa bwinobwino, ndipo madzulo ake anayanika bulangete lakale pachingwe cha zovala kuti litchinge kuwalako. Bulangetelo linakhala pachingwe zaka, ife tikusowa poyanika.

Koma mdani wawo weniweni anali a Nabanda, mayi wamkulu wa chigwirizano kutchalitchi kwathu, amene ankakhala chipinda chakumapeto n'kumagulitsa mandasi pasiteshoni. A Nabanda ankati nyenyezi ndi za Mulungu, ndipo munthu wozisuzumira usiku ndi usiku ali ndi chimene akufuna chomwe sakutiuza. Tsiku lina a Mbewe anawakumbutsa kuti anzeru a kum'mawa aja nawonso ankayang'ana nyenyezi.

"Iwo aja anafika kwinakwake," anatero a Nabanda. "Inu mwafika kuti, bambo? Kuseri kwa chimbudzi."

Tinaseka mpaka kugwira m'mimba. A Mbewe nawonso anaseka, koma mawa lake anakana mandasi a a Nabanda, akuti mafuta achuluka poyerekeza ndi a sabata yatha. Anakhala choncho anthu awiriwo zaka zonse, kukangana pa mpopi, kukangana pa chingwe, Lamlungu n'kukwera takisi imodzi kupita kutchalitchi.

Chomwe ankayang'ana ndinachimvetsa mochedwa. Sikuti ankangosirira kumwamba ayi. Pali nyenyezi zina zomwe kuwala kwake kumasintha, lero yawala, pakapita nthawi yazilala, ndipo pali anthu m'maiko ambiri, anthu wamba ngati iwowo, amene amaziyang'anira. Ntchito yake ndi yamaso. Umayang'ana nyenyezi ina yapafupi yowala kwambiri, uyang'anenso ina yowala pang'ono, kenako ubwerere kwa yosinthayo n'kunena kuti ili pati pakati pa ziwirizo. Ukatero umatumiza nambala pafoni, ndipo manambala a anthu onse akaikidwa pamodzi amaonetsa mmene nyenyeziyo ikukwerera ndi kutsika. Lamulo lawo lalikulu linali lakuti usafunse mnzako zomwe waona iwe usanayang'ane wekha, chifukwa diso limatsatira khutu.

Mwa nyenyezi zonsezo panali imodzi yomwe inawagwira mtima. Dzina lake lenileni ndi zilembo chabe, iwo ankaitcha Waulesi. Ankati ndi nyenyezi ziwiri zoyandikana kwambiri, yaing'ono yosusuka imene imadya za inzake yaikulu pang'onopang'ono, mpaka tsiku lina zamukwana n'kuyaka mwadzidzidzi. Ikayaka imawala masiku owerengeka n'kuyamba kuzilala, kenako imagona zaka khumi ndi kuposa osaonekanso mu bainokyula ngati yawoyo. Palibe amene amadziwa tsiku lake. Pambali pake pali ziwiri zija zoyerekezera, zomwe iwo anazitcha Wamkulu ndi Wamng'ono.

Anaionapo kamodzi kokha ali mnyamata, ku koleji ya aphunzitsi, mphunzitsi wawo wa sayansi atawatulutsa panja kuti aone. Nkhani imeneyi anandiuza kangapo, ndipo nthawi zonse ankafika pomwepo n'kusiya, akuti panali posaoneka kanthu dzulo lake, tsikulo panali nyenyezi. Ulendo wachiwiri itayaka anali adakali ku Ntcheu, pakati pa dzinja, mvula ikugwa usana ndi usiku. Mitambo itachoka inali itagona kale. Ndiye ankadikira ulendo wachitatu, ndipo ankanena poyera kuti wachinayi sudzawapeza. Nyengo yomwe mbali yake ya kumwamba inkaoneka, madzulo alionse asanayang'ane nyenyezi zina ankayamba asuzumira pamalo a Waulesi, n'kupeza palibe, n'kupitiriza ntchito.

Kenako maso anayamba kuchita ng'ala. Tinayamba kuzindikira ndife, iwo asanavomere. Ankathira shuga pambali pa kapu, ankapatsa moni munthu mmodzi kawiri. Kuntchito anawachotsa pa makina n'kuwaika pozula misomali ya mipando yakale. Tsiku lina anandiuza okha kuti asiya kutumiza manambala, chifukwa awo ayamba kusiyana ndi a anthu ena onse, ndipo munthu wotumiza nambala yolakwika amaipitsira anzake. Kuchipatala anawauza kuti ng'ala imachotsedwa, si nkhani yaikulu, koma mzere wa odikira opareshoni ndi wautali. Anawapatsa tsiku la chaka chinacho. Iwo anati palibe vuto, Waulesi ndi waulesi, adikira.

Sanadikire. Uthenga unabwera masana ena a mwezi wozizira, ine ndili pa ofu. Anagogoda pabolodi, akuti foni yawo ikulira mosalekeza, ndiwawerengere. Anali mauthenga a anzawo oyang'ana nyenyezi aja. Ndinawerenga Chingerezicho movutikira, koma iwo anamva ndisanamalize kuti Waulesi wayaka. Anakhala pabedi n'kugwira mawondo.

"Werenganinso, Naphiri," anatero.

Ndinawerenganso. Anapempha madzi. Kenako anapempha kuti ndituluke ndikaone ngati phiri lalikulu la mumzindamu likuoneka. Phiri silinkaoneka, kunja kunali mvula.

Inagwa masiku angapo mvula imeneyo. A Mbewe ankabwera kuntchito, kuvula tayi, n'kukaima pakhomo nkhope ili m'mwamba, madzi akuwagwera m'maso. Sindinaonepo munthu wamkulu akusowa chochita chotero. Ndinkawaphikira tiyi, sankamwa. Ndinkafuna kuwauza mawu olimbikitsa, koma ndikanati chiyani? Kuti mawa kucha bwino? Akanandifunsa kuti ndadziwa bwanji.

Tsiku lomwe kunayera, magetsi sanazime. Anakonza bulangete lawo pachingwe, anakhala mumdima nthawi yaitali kuposa masiku onse, kenako anaika maso pa bainokyula. Ine ndinaima pa mpopi ndikunamizira kutsuka mbale. Anayang'ana, anapukuta magalasi ndi mpango, anayang'ananso. Anatseka diso limodzi, anatseka linalo. Atadzuka anandiitana ndi mawu otsika.

"Ndikungoona utsi. Kaitaneni anthu."

Anabwera onse omwe anali ataweruka, anthu a m'zipinda zonse, ena ali ndi yunifolomu ya kuntchito. Ngakhale a Nabanda anabwera, akupukuta manja pachitenje, akuti abwera kudzaona chimene chatisowetsa poyanika zovala zaka zonsezi. A Mbewe analozetsa bainokyula mwa chizolowezi, potsata ngodya ya denga la oyandikana nawo, n'kutifotokozera ngati ana a Sitandade 5. Muona nyenyezi yowala kumanzere, ameneyo ndi Wamkulu. Chakumunsi muona ina yofooka, Wamng'ono. Pakatipo pali yachitatu yofiirira. Mundiuze kuti yachitatuyo ikuwala ngati iti. Anatiuza kuti tiziyang'ana mmodzimmodzi, ndipo aliyense awanong'oneze yekha.

Apa ndi pomwe zinatikanika. Ife tinaleredwa kuti wamkulu akafunsa umamvetsera kumene mawu ake akupendekera, n'kuyankha komweko. Woyamba anayang'ana, a Mbewe n'kufunsa kuti kodi yaposa Wamkulu, iye anati eya bambo, yaposa. Wachiwiri anamufunsa kuti kapena yayamba kuchepa, iye anati eya aPhunzitsi, yachepako ndithu. Wachitatu anali atamva kale za wachiwiri, poti kunong'ona kwa anthu a pa yadi yathu kumamveka mpaka kumsewu, ndiye anangoti ndi mmene anenera achimwenewa. Palibe amene ankafuna kuwanamiza. Aliyense ankafuna kuwapatsa chimene akufuna, koma palibe ankadziwa kuti chimene akufunacho n'chiti.

Itafika nthawi yanga ndinayesetsa ndi mtima wonse. Ndinaona nyenyezi zambirimbiri zikunjenjemera, zina zowala zina ayi. Yofiirira sindinaione, kapena ndinaiona osaizindikira. Kaya bainokyulayo inaloza pamalo oyenera, kaya wina anali ataigunda, sindidziwa mpaka lero.

"Sindikudziwa, aPhunzitsi," ndinatero. "Zonse zikufanana."

"Yang'ananinso. Musafulumire."

Ndinayang'ana mpaka misozi inatuluka. Zinali zofanana basi. Zaka zonse zija ankatiitana kuti tibwere atiphunzitse, ife tikuseka, ndipo luso limenelo silinali loti munthu n'kuliphunzira madzulo amodzi.

Mawa lake kunayeranso. Anthu anabwera ochepa, kunkazizira. A Nabanda, omwe dzulo lake anangoima kumbuyo atapinda manja, anati lero ayang'ana iwowo, tione ngati zimenezi zili zovuta monga tikunenera. A Mbewe anakondwa, ndinawaona. Anaimika bainokyula mofulumira, anawakhazika a Nabanda pampando wawo umene palibe wina ankaukhalira, n'kuwafotokozera zonse kuyambira pachiyambi. A Nabanda anawerama n'kuika maso.

"Mukuona Wamkulu, mayi?"

"Ndikumuona."

"Nanga yofiirayo?"

"Ambuye wanga," anatero a Nabanda. "Yawala bwanji, bambo! Yaposa zonse. Zoonadi munkanena zija."

Nkhope ya a Mbewe inamasuka. Anatambasula dzanja kuti akonze pang'ono poimikapo, zala zawo n'kufika kutsogolo kwa bainokyula. Zinaima pomwepo. Zotsekera zamphira zija, zoteteza magalasi ku fumbi, zinali zikadali pamalo pake zonse ziwiri. M'kufulumira kuja anaiwala kuzichotsa, ndipo maso awo sakanawauza. A Nabanda ankayang'ana mdima wokhawokha.

Anazichotsa pang'onopang'ono n'kuziika m'thumba la jekete. A Nabanda anadzuka pampando, ndipo kwa nthawi yoyamba chiwadziwireni ndinawaona akusowa poyang'ana.

"Ndikanatani ine, bambo?" anatero. "Ndimayesa ndi maso angawa. Kwathu wodwala sitimuuza kuti waonda."

"Ndikudziwa, mayi," anayankha a Mbewe. "Zikomo. Mwachita bwino kubwera. Kaloweni, kwazizira."

Sanakalipe, ndipo ine ndikanakonda akanakalipa. Anatithokoza aliyense potchula dzina, anapinda kachoimika kawo, n'kulowa. Kudzera pabolodi ndinamva akukhala pabedi osayatsa getsi. Ndinalira mwakachetechete kuti asandimve, chifukwa ndinadziwa kuti nyenyezi ili pamwamba pathu pomwepa, ikuyaka, ndipo pa yadi yonse palibe munthu mmodzi amene angaifikitse kwa iwo.

Tinayesa zina. A Nabanda anasiya mandasi tsiku lathunthu n'kuwaperekeza kuchipatala kukapempha kuti tsiku la opareshoni alisendeze pafupi. Anamwino anawalandira bwino, koma anafotokoza kuti patsogolo pawo pali anthu amene sakuona ngakhale njira yopita kuchimbudzi. A Nabanda akuti anatsegula pakamwa kuti anene za nyenyezi, a Mbewe n'kuwagwira mkono. Mmodzi wa anzawo oyang'ana nyenyezi anawatumizira chithunzi pafoni. Ndinachikulitsa mpaka kumapeto, iwo n'kuchiyandikiza pamphuno, koma anati akuona utsi womwewo.

Kuyambira pamenepo madzulo alionse ankagogoda pabolodi kuti ndiwawerengere manambala a anthu ena, iwo amene ankaletsa kufunsa mnzako zomwe waona. Ndinkawerenga, iwo n'kumagwedeza mutu. Yatsika. Yatsikanso. Yadutsa Wamng'ono. Patapita milungu ingapo anandiuza kuti basi ndisiye, yagona.

Opareshoni inachitika pa tsiku lomwe anawapatsa lija, ndipo inayenda bwino kwambiri. Anabwerako akudabwa kuti makoma a yadi yathu ndi akuda chonchi, ndiponso kuti ine ndili ndi imvi. Anawauza a Nabanda kuti chitenje chawo chomwe ankachiyesa chabulauni n'chobiriwira, ndipo kubiriwirako sikukuwakhala. Nyengo yozizira itabweranso, mbali ija ya kumwamba itayamba kuoneka madzulo, anatulutsa mpando. Ndinapita nawo, nthawi imeneyo ndinali nditayamba kumakhala nawo pamenepo. Anayang'ana nthawi yaitali osagwedezeka.

"Ndikuona bwino kwambiri, Naphiri," anatero. "Wamkulu uyo. Wamng'ono uyo. Sindinawaonepo bwino chonchi chichokereni ku koleji."

"Nanga pakatipo?"

"Palibe."

Anatulutsa foni n'kulemba okha, osafuna thandizo langa. Ndinafunsa kuti akutumiza chiyani poti sanaone kanthu. Anati nakonso n'kuyang'ana, anthu aja amafuna kudziwa kuti lero wina wayang'ana ndipo sanaione. Anatumiza zimenezo madzulo alionse oyera kwa zaka zomwe zinawatsalira, mpaka chibayo chinawagoneka. Tili nawo kuchipatala sanatchule za nyenyezi ngakhale kamodzi. Ankafunsa za mwana wawo wa ku Joni, ndipo ifenso sitinkadziwa kumene ali.

Miyezi ingapo atamwalira, lendilodi anabwera ndi anthu omanga. Anayeza kampata kaja ka pakati pa chimbudzi ndi mpanda, napeza kuti bedi limodzi likhoza kulowapo. Anaimika mabolodi, anakhoma malata pamwamba, anaika chitseko ndi loko. Zenera sanaike, akuti palibe polilozetsa. Mpaka pano chipindacho sichinapeze munthu, onse obwera kudzachiona akuti n'chamdima kwambiri. Sabata yatha lendilodi anaiwala kukhoma loko, ndiye pobwera kuntchito ndinalowamo. Munkanunkha simenti yaiwisi. Ndinaima pakati, pamene miyendo ya mpando wawo inkakhala, n'kukweza maso mmene ankachitira iwo. Pamwamba panga panali malata atsopano, okhomedwa bwino, opanda ngakhale kabowo ka msomali.